Mpongozi Amene Anadza ndi Sitima ya Alendo

1

Dzina langa ndine Anezina. Ndine mayi wamasiye, ndimagoneka alendo m'zipinda za nyumba yanga, ndipo sindikonda nkhani zozungulirazungulira. Ndinena zimene zinachitika, oweruza mukhale inu.

Chilumba chathu mwina munachionapo pa zithunzi za ku Girisi: nyumba zoyera mbee zosanjikizana paphiri, zitseko zabuluu, nyanja m'munsi mwake. Kuyerako ndi laimu, ndipo opaka ndife amene, chaka ndi chaka Isitala isanafike, mpaka zikhatho kusupuka. M'chilimwe alendo amadzaza tinjira tathu, kujambula chilichonse, ngakhale zovala zamkati zili pachingwe. Chisanu chikafika timatsala nkhalamba, amphaka ndi mphepo. Sukulu anatseka kalekale. Atsikana onse anathera ku Atene, amabwera pakagwa maliro ndi pa chikondwerero cha mu Ogasiti pokha.

Mwana ndili naye mmodzi, Yakovos. Ntchito yake inali kunyamula zikwama za alendo pa abulu, kuchokera kudoko kukwera masitepe mpaka kumudzi, poti galimoto sifika kwathu. Lamulungu ankaima pafupi ndi wansembe n'kumatsogolera nyimbo, ndi mawu amene ankaliza amayi achikulire. Imvi zinayamba kumera m'ndevu zake asanabweretsepo mkazi pakhomo.

"Iwe Anezina," ankatero Kadio, mnansi wanga wa khoma limodzi, amene tinakulira pamodzi koma sitinakondanepo, "ukwati wa mwana wako ndi bulu wakuda uja uli liti? Ndisokeretu diresi."

"Soka nsalu ya m'bokosi mwako, ndiyo yayandikira," ndinkamuyankha.

Koma mawuwo ankandilasa. Kwathu mdzukulu wamkazi amatenga dzina la agogo ake, ndipo nyumba imatsata dzinalo. Ine ndinkaona kuti dzina langa lidzalowa nane m'manda, nyumba n'kutengedwa ndi anthu a mahotela. Sindinkapempha zambiri. Mpongozi ndi kamwana, basi.

2

Tsiku lina, kumayambiriro kwa chilimwe, ndinamva Yakovos akuseka pamasitepe. Ndinasiya kuchapa, chifukwa kuseka koteroko ndinali nditakuiwala. Ankakwera ndi bulu wopanda katundu, pambali pake mkazi wa tsitsi lalifupi atasenza yekha chikwama, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, mlendo wanu uyu. Akuti akumumvera chisoni buluyu."

"Ndiye mukanamubereka kumbuyo, mayi, afike atapuma," ndinatero.

Mkaziyo anaseka mpaka kukhala pansi. Kani wamva! Ankalankhula chinenero chathu, ngakhale mopotokapotoka ngati mwana wongoyamba kumene. Dzina lake anali Thalia, namwino, wobadwira ku Melbourne, ku Australia, kwa makolo achigiriki. Anati wabwera kudzapuma sabata imodzi.

Ndinamupatsa chipinda chakumbuyo. Sabata inatha, za sitima osatchula. Mwezi unatha. Alendo ena amadzuka dzuwa lili paliwombo n'kumafunsa komwe angakajambulire. Uyu ankandilanda tsache m'manja. Anaphunzira kukama mbuzi ndi kuumba tchizi. Anapoletsa bala la pamwendo la wansembe wathu, Bambo Stamatis, limene linali litakana mankhwala chaka chathunthu. Yakovos anayamba kusamba kawiri pa tsiku, n'kumavala malaya a Lamulungu pakati pa sabata.

Ine si mwana. Ndinakayatsa kandulo m'tchalitchi n'kuuza Maria Woyera kuti, "Mwachedwa, komabe zikomo."

3

Tinkasenda mbatatesi pakhonde pamene Thalia anati, "Amayi Anezina, pali chimene sindinakuuzeni. Nyumba ino sindinaisankhe mwangozi. Amayi anga anagonapo muno, m'chipinda chomwe chija. Anadzaona chilumba ali mtsikana, mphepo n'kuwatsekera kuno nyengo yachisanu, sitima zitaleka kuyenda. Dzina lawo Vasso. Mukuwakumbukira?"

Mpeni unandicheka chala. Sindinamve kuwawa.

"Ali kuti tsopano?"

"Anamwalira chaka chatha."

"Anakuuza zotani za kuno?"

"Ankati mphepo ya kuno imaulutsa nkhuku. Ndiponso kuti munali ndi khanda lolira kwambiri." Anaseka, n'kuloza kumunsi kumene Yakovos ankamwetsa abulu. "Ndiye khanda lake ndi limenelo, la ndevu!"

"China?"

"Palibe. Bwanji kodi? Taonani, chala chanu chikutuluka magazi."

M'mawa mwake ndinamuuza kuti chipinda chija chili ndi eni ake, afika Loweruka, choncho alongedze. Anangondiyang'ana ngati mwana amene wamenyedwa osadziwa mlandu.

Yakovos anandipeza m'khitchini.

"Eni ake ndani? Chipinda chija palibe amachifuna, chinayang'ana kukhola."

"Mlendo ndi mame, mwana wanga, sachedwa kukamuka. Usaikepo mtima."

"Mtima ndinaika kale. Ndikumukwatira. Wavomera kukhala kuno, chisanu ndi chilimwe chomwe. Mwakhala mukundiimbira nyimbo ya mpongozi chimerere ndevu, lero wapezeka ndiye mukumuthamangitsa? Walakwa chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye nenani chifukwa."

Ndinayang'ana nkhope yake, n'kutembenukira ku miphika yanga. Kuseri kwa khoma Kadio ankathirira maluwa amene anali atawathirira kale.

4

Chakudya chinandikana masiku angapo. Kenako ndinapita ku kanyumba ka mafupa, kuseri kwa tchalitchi, kumene kuli kabokosi ka mwamuna wanga Zannis. Mafupa ake ndinawatsuka ndekha ndi vinyo titawafukula, monga timachitira. Ndinakhala pansi pafupi naye.

"Iwe sunadziwe kanthu, Zannis, unali panyanja. Ndiye ingokhala chete ngati kale, ndiganize."

Odziwa nkhaniyo tinali atatu. Vasso, amene anali m'manda kutsidya la dziko, ine, ndi Mulungu. Mulungu ndinati ndidzakambirana naye ndikafika. Ngati pali chilango, chigwere ine, ndine wokalamba, sichidzapeza pambiri poononga.

Nditabwerera ndinatulutsa ndolo zagolide za malemu amayi anga n'kuziika m'dzanja la Thalia.

"Vala. Chipinda usatulukemo. Tsiku lija mutu unkandipweteka."

Anandikumbatira akulira.

"Basi, basi, undithyola nthiti. Kakame mbuzi."

Tinagwirizana kuti adzavekana mphete pa chikondwerero cha Maria Woyera, pakati pa Ogasiti, pamene onse a ku Atene amabwera kwawo. Ndinapakanso laimu kachiwiri chaka chimenecho. Ndinagona tulo.

Amene sankagona ndi Kadio. Ndinayamba kuona kuti ndikalowa kokagula buledi, amayi amangoti zii. Mkazi wa wophika bulediyo ndiye anandinong'oneza. Kadio anali atamukumbukira Vasso, "mtsikana wa buluku uja." Anakumbukiranso kuti sitima zonyamula katundu zimene Zannis ankagwirako ntchito zinkafika ku Australia. Anali ataona mmene ndinathamangitsira Thalia. Zitatuzi anazisoka pamodzi, n'kutuluka nkhani yoti Thalia ndi mwana wa Zannis.

"Asiyeni auwe," ndinatero, ndikunyamula buledi wanga.

Koma m'kati ndinapsa. Zannis anali munthu wamanyazi, woti mlendo wamkazi akatuluka kukasamba kunyanja iye ankayang'ana nsapato zake. Akabwera kuchokera kunyanja ankandigulira nsalu, mtundu wake wosakongola nthawi zonse, n'kumaima pakhomo kudikira kuti ndiyamike. Munthu wotero kumudetsa ali m'kabokosi, osatha kudziyankhira!

5

Tsiku la chikondwerero tinayala matebulo pabwalo la tchalitchi, pansi pa mtengo waukulu. Nyemba za tchana zinali zitaphikidwa mu uvuni m'miphika yadothi, mbuzi zitawotchedwa, vinyo wa chaka chatha atatsegulidwa. Woliza vayolini anachokera chilumba china. Alendo anakwera pakhoma ndi mafoni awo, monga mwa nthawi zonse.

Thalia anavala diresi yobiriwira. Yakovos anameta ndevu, n'kuoneka ngati bambo ake ali mnyamata. Bambo Stamatis anaimirira, mphete ziwiri zili pambale.

Apo mpamene Kadio, amene anali atatsitsa matambula angapo, anakweza mawu.

"Bambo, musanadalitse, tayang'anitsitsani mphuno ya mkwatibwiyo. Si ya malemu Zannis imeneyo? Sitima ikaima ku Melbourne ife tinkati ikutsitsa simenti!"

Ena anaseka. Wina kumapeto kwa tebulo anaponya kuti, "Chibale ndi fupa, sichiola!" Thalia sanamve zonse, ankamwetulira, akukoka malaya a Yakovos kuti amumasulire.

Ndikanapirira. Ndikulumbira, Kadio yekha ndikanamupirira. Koma Yakovos anatembenukira kwa ine, nkhope itayera ngati khoma.

"Amayi. N'chifukwa chake munkamuthamangitsa? Ndi mwana wa abambo?"

Mwana wanga yemwe, kukhulupirira zimenezo za bambo ake! Magazi anandikwera kumutu. Ndinamenya tebulo, matambula n'kudumpha.

"Zannis sanadziwepo mkazi wina! Tseka pakamwa pako ponunkha vinyo, Kadio! Vasso sanakhudze mwamuna wanga. Anakhudza mwana wanga! Ndiye amene anamubatiza!"

Vayolini anasiya kulira.

Inu a kutali mwina simungaone pamene pali tsoka. Kwathu, munthu amene wakuimirira pa ubatizo n'kutchula dzina lako pamaso pa Mulungu amakhala kholo lako, ndipo ana ake amakhala abale ako. Timati ubale umenewu umalimba kuposa wa magazi. Tchalitchi sichidalitsa ukwati wotero. Aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezi chiyambire ubwana, kupatula Thalia ndi alendo a pakhoma.

"Nenani bwinobwino, mayi Anezina," anatero Bambo Stamatis motsitsa. Maso awo ankandipempha kuti ndiname, ndinene kuti ndi vinyo. Koma madzi anali atatayika kale, ndipo mudzi wonse unali utatchera khutu.

Ndinanena. Yakovos anali khanda la masiku ochepa pamene chifuwa chinamutseka. Milomo inada, mpweya ukutha. Kunja mphepo inkazula matailosi padenga. Wansembe wa nthawi imeneyo anali kutsidya, sitima kulibe. Zannis anali panyanja. Mwana akamafa asanabatizidwe, Mkhristu wa mpingo wathu amene ali pafupi amamukweza m'mwamba katatu, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, n'kutchula dzina lake. M'nyumbamo tinalimo awiri, ine ndi mlendo, ndipo ine manja anali atandifooka. Ndinamuuza Vasso mawu ake. Anamukweza, n'kunena kuti, "Yakovos." Kachitatu mwana anatsokomola, n'kulira.

Atachira sindinauze munthu. Apongozi anga anali atalonjeza kale ulemu umenewo kwa mphwawo, ndipo akanamva kuti ndaupereka kwa mlendo wovala buluku akanandisenda khungu. Tinamubatizanso m'tchalitchi ngati kuti palibe chinachitika. Vasso anapita sitima zitayambanso kuyenda. Kwa iye zinali chabe nkhani ya tsiku la mphepo.

Nditamaliza, Bambo Stamatis anatola mphete zija pambale n'kuziika m'thumba.

6

M'mawa mwake ndinawatsatira kunyumba kwawo.

"Bambo, konzani zimenezi. Ndinu wansembe."

"Mukanabwera nokha pa kulapa, mayi Anezina, ndikanakufunsani kuti mboni ndani. Mukanati palibe. Ndikanakuuzani kuti pitani mukaphike, katunduyo n'kusenza ine. Koma mwanena pamaso pa mudzi wonse, mpaka alendo ajambula. Ndimva bwanji ngati sindinamve?"

Anayesa. Anaimbira akuluakulu awo, anachonderera. Yankho linabwera lalifupi: ayi.

Thalia sanaone vuto. Ndinawamva akukambirana m'chipinda chakumbuyo, ine nditaima m'khitchini ndi mbale m'manja, ngati Kadio.

"Ndiye tikamangitsa kuboma, ku Atene. Anthu ambirimbiri amatero. Amayi anga anakunyamula kamphindi uli khanda, zimenezo zindisandutse mlongo wako? Yakovos, tandiyang'ana!"

"Ine ndakulira paguwa, Thalia."

"Ndiye?"

"Ndikati ndikugwire dzanja ndikumva mawu a amayi anga aja. Sakuchoka. Ndayesa."

"Ndigwire basi. Si dzanja lomwe lija?"

Kenako Thalia analankhula pang'onopang'ono, kuti chinenero chisamuthawe.

"Ndili ndi pakati. Ndinkafuna ndikuuze titavala mphete."

Ndinamva bedi likulira, mwana wanga atakhalapo ngati thumba la simenti. Ankalira mwa amuna, mopanda mawu.

"Tiye tipite limodzi," anatero Thalia. "Kwathu palibe angatifunse."

Mbale ndinaiponya musinki, n'kulowa osagogoda.

"Pita naye, chitsiru iwe! Mkazi ali ndi mwana wako! Tchimolo ndi langa, ndikayankha ndine!"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana ngati munthu wosandidziwa.

"Mukanafuna likhale lanu, amayi, mukanalisunga. Mwaligawira mudzi wonse, ndipo langa gawo ndalandira."

Thalia anadikira milungu ingapo. Anapita kwa wansembe, anapita kudoko kumene Yakovos anayamba kugona m'khola la abulu, anabwera kwa ine. Tsiku lomaliza anandifunsa funso limodzi.

"Inuyo mumakhulupirira kuti ndine mlongo wake?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Ndinaleredwa choncho."

"Nanga bwanji munandipatsa ndolo?"

"Chifukwa ndinkakufuna."

"Ndiye mukanaluma lilime," anatero. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

Anakwera sitima alendo otsiriza akuchoka. Yakovos sanatsike kukatsanzika. Anaonerera ali pamwamba pa phiri.

7

Chisanu chisanathe anagulitsa abulu. M'tchalitchi sanaimbenso; anati munthu wopatsa mlongo wake pakati alibe mawu oimbira Mulungu, ndipo wosiya mwana wake alibenso. Ndinaganiza kuti mwina atsatira Thalia. Ayi. Analowa ntchito pa sitima zonyamula katundu, ngati bambo ake. Amaimba foni pa Khirisimasi ndi pa Isitala. Amafunsa ngati denga likudontha, ndimati ayi, amati chabwino.

Mwana anabadwa, wamkazi. Ndinamva kwa Bambo Stamatis, amene Thalia amawafunsabe za mwendo wawo. Dzina lake sanandiuze. Ine sindinafunse. Zikanakhala kuti ndi langa, akanathamangira kudzandiuza.

Kadio amabwera ndi supu madzulo. Akuti ankangoseka, sankadziwa kuti zifika apa. Ndimamutsegulira. M'kanjira kathu konse, chisanu chikafika, nyumba zofuka utsi ndi ziwiri, yake ndi yanga. Timadya osalankhulana kwambiri. Mmodzi wa ife adzatseka maso a mnzake, ndiye kudana kwake n'kotani.

Inu amene mukuwerenga, musandilembere mawu otonthoza, sindidzawawerenga. Ndafunsa mtima wanga kambirimbiri kuti ndinalakwa pati. Kupereka mwana wakufa m'manja mwa mlendo sikunali kulakwa. Kubisa mwina kunali kulakwa, mwina ayi; za izo ndikadali ndi mlandu ndi Mulungu, ndipo nanenso ndili ndi mafunso oti ndikamufunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinateteza mbiri ya munthu wakufa, amene sanandipemphe, n'kupasula banja la amoyo atatu. Zannis akanalola kutchedwa wachigololo mpaka dziko kutha, bola mwana wake akhale ndi mkazi. Ndinkamudziwa, komabe ndinamenya tebulo.

Ngati muli ndi chinsinsi cholemera, sankhani lero, mutu uli wozizira. Kachitulireni munthu mmodzi wanzeru chitseko chili chotseka, kapena tsimikizani kufa nacho. Musachisunge monga ndinachitira ine, kuseri kwa mano, pamene mkwiyo ungachikankhe tsiku la phwando.

Chilimwe chafikanso. Sitima ikaima ndimatuluka pakhonde, n'kumayang'ana akazi otsika atagwira tiana padzanja. Patali chonchi nkhope sizioneka, ndiye ndimadikira mpaka womaliza atakwera masitepe n'kudutsa pakhomo panga. Kenako ndimalowa kukayala mabedi.